KUKWERA PHIRI LA MULANJE: MAWU KWA ANZATHU A KU THYOLO

Inu anzathu a ku Thyolo, amene mukhala m'midzi yoyandikana ndi minda ya tiyi ku Satemwa, ku Naming'omba, ku Bandanga, ku Makwasa ndi kwina konse, palibe mmodzi mwa inu wosalidziwa phiri la Mulanje. Kukacha bwino muliona lili njo chakum'mawa, mitambo italizinga m'chiuno, mutu wake uli pamwamba pa mitamboyo. Ambiri mwabadwa muli kuliona, mwakwatira muli kuliona, ndipo ena mwafika pokhala ndi zidzukulu osapondako phazi. Koma masiku ano zinthu zili kusintha. Ana a sukulu, achinyamata a m'mipingo ndi anthu a pantchito ali kupangana maulendo okakwera phirilo, ndipo makolo ambiri ali kufunsa ngati nkwabwino kumlola mwana kupita, makamaka akamva kuti ulendowo ndi wa ku Sapitwa.

Yankho lathu ndi lakuti mloleni, ndipo ngati miyendo yanu ikali yolimba pitani naye pamodzi. Phirilo ndi lathu, si la alendo okha ochokera kunja ayi. Koma tsono pali chinthu chimodzi chimene tifuna muchimvetse musananyamuke. Munthu wa ku Thyolo sasowa mphamvu. Mayi amene atha tsiku lonse ali kuthyola tiyi pamtsetse, dengu lodzaza lili kumsana, kapena bambo amene akwera chitunda ndi mkoko wa nthochi pamutu, aposa alendo ambiri amene akwera Mulanje chaka ndi chaka. Chimene chipha anthu paphiripo si kutopa, koma kuzizira ndi nkhungu, ndipo ziwirizi sizifunsa kuti munthu ali ndi mphamvu zotani. Kawirikawiri wamphamvu ndiye asiya anzake m'mbuyo, nakapezeka ali yekha kumene thandizo silifika msanga.

Poyamba tidziwe chimene tili kuchitcha phiri. Mukaliona muli ku Thyolo lioneka ngati chimwala chimodzi, koma ndilo dziko lathunthu, lotambalala makilomita oposa 20 m'litali ndi m'lifupi momwe. Mukakwera zipupa zake zotsetsereka zija mufika pamalo atyatyatya a udzu, mitsinje ndi timadambo, pa mamita pafupifupi 2,000 kuchokera pamene palekeza madzi a nyanja yamchere. Pamenepo ndi pamene payambira mapiri enanso, okhala pamwamba pa phiri linzawo: Chambe, Nandalanda, Khuto, Dzole, Nakodzwe, Namasile, Matambale, Manene ndi ena ambiri. Nsonga zoposa mamita 2,500 zilipo pafupifupi 20. Wamkulu wa onsewo ndiye Sapitwa, wa mamita 3,002, ndiko kuti mapazi pafupifupi 10,000 m'kawerengedwe kakale, ndipo m'Malawi muno mulibe malo ena okwera kuposa pamenepo. Phiri lanu la Thyolo, limene muliyesa lalitali, ndi la mamita 1,462. Mutaimika mapiri a Thyolo awiri, lina pamwamba pa linzake, Sapitwa angawaposebe pang'ono.

Tsono kukwera kumeneku kuli ndi lamulo lake. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kutsika ndi madigiri 6 kapena 7. Minda yambiri ya tiyi ya kwanu ili pa mamita ngati 1,000, ndiye kuti pamwamba pa Sapitwa pazizira kuposa kwanu ndi madigiri 12 kapena 13, tisanawerenge mphepo. Taganizani m'mawa wa mwezi wa Juni, uja mutuluka m'nyumba mutafunda nsalu ziwiri, ana ali kukangamira pamoto. Pa nthawi yomweyo pamwamba pa Mulanje udzu uli mbuu ndi chisanu, ndipo madzi otsala m'mbale panja atha kuuma ngati galasi. Ambiri a ife sitinakhalepo m'kuzizira kotere chibadwire, chifukwa chake sitikuopa monga kuyenera.

Koma kuzizira kokha munthu atha kukupirira akavala bwino. Choopsa chenicheni ndi mnzanu uja mumdziwa bwino, chiperoni. Dzinali lichokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, pakuti mphepo yonyowa yochokera kunyanja yamchere ifika kuno kudzera mbali imeneyo. Ndicho chibweretsa nkhungu ndi mvula yowaza m'miyezi ya Meyi, Juni, Julayi kufikira Ogasiti, pamene maboma ena ali gwa kuuma. Popanda icho tiyi sakadakula bwino kuno. Amene anayamba kubzala tiyi ku Mulanje mu 1891, ndi ku Thyolo mu 1908, anatsata mvula ndi chinyontho chomwecho. Kotero inu muchiona ngati bwenzi, ndipo kumunda ndi bwenzi ndithu; chikafika muvala pepala lapulasitiki, nimupitiriza ntchito, podziwa kuti madzulo mukaotha moto kunyumba.

Paphiri sichitero. Chifika mwadzidzidzi, nthawi zina pasanathe theka la ora kuchokera pamene kunali dzuwa lowala. Munthu amene anali kuona nyanja ya Chilwa patali apezeka kuti saona ngakhale mnzake amene ali mapazi khumi patsogolo pake. Miyala imene inali youma iterera ngati sopo. Pamwamba pa thanthwe palibe njira yopondeka monga ya kumudzi, pali timadontho ta utoto wofiira ndi timiyulu ta miyala toonetsa kolowera, ndipo nkhungu ikagwa zimenezi zisowa. Munthu ayesa ali kutsika kumene anakwerera, pamene ali kulunjika kuphompho. Ndipo chiperoni sichifulumira kuchoka; chitha kukhala masiku atatu kapena kuposa.

Izi si nthano. Mu Sepitembala 2003 mtsikana wina wa ku Holland ananyamuka yekha kupita ku Sapitwa, ndipo kufikira lero sanapezeke. Mu Julayi 2009 mnyamata wa ku Brazil, wophunzira kwambiri, wa zaka 28, amene anali atayenda maiko ambiri, anasiya womperekeza m'munsi nakwera yekha. Nyengo inasintha. Anthu anamfuna masabata pafupifupi atatu, ndipo pamene anampeza anali atafa ndi kuzizira. Za iye anapanga filimu mu 2017, yotchedwa Gabriel and the Mountain. Kale kwambiri, mu 1949, mkulu wina woyang'anira nkhalango dzina lake Fred France, munthu wolidziwa phirilo kopambana, anakokoloka ndi madzi poyesa kuoloka mtsinje wodzaza chakumtunda kwa Ruo, mvula itagwa masiku angapo. Anali paulendo ndi Laurens van der Post, amene analemba za imfayo m'buku lake lotchedwa Venture to the Interior, ndipo kanyumba kena ka ku Chambe katchedwa ndi dzina la France mpaka lero. Taonani kuti onse atatuwa anali anthu amphamvu, a misinkhu yabwino.

Makolo athu anazidziwa zimenezi kalekale. Dzina lakuti Sapitwa silifuna womasulira. Munamva agogo ali kusimba kuti kuphiriko kuli mizimu, kuti munthu atha kupeza chakudya chokonzakonza panjira, ndipo ayenera kudya yekha osaitana mnzake, kuti wonyoza miyambo sabwerako. Achinyamata ena aseka nkhani zimenezi, ena aziopa kotero kuti safuna nkuyandikira komwe. Ife sitili pano kuweruza za mizimu. Koma tinene ichi: anthu amene anatcha dzinalo anali alenje ndi ofuna mankhwala, oyenda m'phirimo moyo wawo wonse, ndipo anaona anzawo akupita osabwerera. Mawu a akuluakulu akoma akagonera. Wokwera Sapitwa mwaulemu, wofunsa eni dera, wosafuula ndi kuchita chibwana, wobwerera akaona kuti kwaipa, asunga mwambo wa makolo ndipo asunganso moyo wake. Woperekeza wanu akakuuzani kuti apa sitichita chakuti, mverani, musatsutsane naye.

Mmene kuzizira kuphera munthu nkofunika mukudziwe, pakuti sikupha monga ambiri aganizira. Sikulira chisanu choumitsa madzi ayi. Chofunika ndi zinthu zitatu zokha: zovala zonyowa, mphepo, ndi mimba yopanda kanthu. Thupi la munthu lili ngati mbaula, nkhuni zake ndi chakudya. Malaya onyowa achotsa kutentha msanga kopambana malaya ouma, mphepo ikupiza, ndipo nkhuni zikatha moto uyamba kuzirala. Poyamba munthu anjenjemera, mano ali gwegwegwe. Kenaka ayamba kupunthwa, zala zikanika kumanga chingwe cha nsapato, mawu atuluka ngati a munthu woledzera. Afuna kukhala pansi, nanena kuti inu pitani ndikupezani. Akaleka kunjenjemera pamene akali wozizira, musayese kuti wachira. Pamenepo ndiye zafika poipa. Choipitsitsa nchakuti kuzizira kuyamba kusokoneza nzeru, kotero wodwalayo sadziwa kuti ali kudwala. Mnzake ndiye aona. Kuyenda awiri si mantha.

Mukaona zizindikiro zimenezi imani pomwepo. Mbiseni kumphepo, kuseri kwa mwala kapena m'phanga. Mvuleni zonyowa, mumveke zouma, mumfunditse bulangete ndi kumutu komwe, ndipo pansi muyale zikwama kapena udzu kuti asakhale pamwala wozizira. Anzake awiri amkhalire mbali ndi mbali, matupi atagundana. Ngati atha kumeza bwino, mpatseni tiyi wotentha wa shuga wambiri ndi chakudya. Kachasu ayi, ngakhale pang'ono. Tidziwa kuti alipo amene anena kuti kachasu atenthetsa thupi, koma chimene achita ndi kutsegula mitsempha ya pakhungu, munthu namva kufunda pamene kutentha kwa m'kati kuli kuthawira kunja. Mowa usiyeni kumudzi, mudzamwa pobwera.

Nanga nthawi yabwino yopita ndi iti? Nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala kufikira Epulo, si ya munthu woyamba kumene. Mitsinje idzaza m'kanthawi kochepa, ziphaliwali zimenya pansonga, ndipo inu simufuna kukumbutsidwa za napolo amene anatsika m'phiri la Michesi nasesa Phalombe mu Malichi 1991, kapena za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ndiponso imeneyo ndi nthawi ya khasu ndi ya tiyi wambiri, palibe amene ali ndi masiku otaya. Kuyambira Meyi kufikira Ogasiti kumwamba kuyera bwino ndipo muona kutali, koma ndiyo miyezi ya chisanu ndi chiperoni. Sepitembala ndi Okutobala kufunda usiku, miyala ili youma, koma masana kutentha pokwera, utsi wa moto wa tchire ubisa dziko, ndipo timitsinje tina tiphwa. Ife tikadasankhira banja lopita koyamba tikadati kumapeto kwa Ogasiti kapena Sepitembala. Koma mwezi uliwonse, mukadzuka m'mawa wa ulendo nimuona kuti chiperoni chafika kwanu ku Thyolo, dziwani kuti kumwambako nkoipa koposa. Dikirani.

Njira yake ndi iyi. Mukwera galimoto ya ku Mulanje kudzera pa Luchenza, nimutsika pa Chitakale. Pamenepo mutenga msewu wa ku Phalombe, makilomita ngati 10, kufika pa Likhubula, pamene pali ofesi ya Boma yoyang'anira nkhalango. Njira zokwerera zilipo zina, monga ya ku Lujeri, ya pa boma la Mulanje, ya ku Thuchila ndi ya ku Fort Lister, koma kwa oyamba Likhubula ndiye khomo labwino. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa ndi Boma kuyambira 1927, choncho mulembetsa maina, munena kumene mukagona ndi tsiku lobwerera, ndipo mulipira ndalama yolowera ndi yogonera. Mitengo yake isintha, tsono tumizani mmodzi akafunsiretu musanasonkhe ndalama. Kulembetsaku musakuone ngati chipongwe cha a Boma. Mukapanda kubwera tsiku limene munanena, buku lomwelo ndilo liuza anthu koyambira kukufunani.

Pomwepo mupezanso operekeza, anyamata ndi abambo a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri amene ntchito yawo ndi yomweyi. Apa ndi pamene anthu akwathu alakwa kawirikawiri. Ati woperekeza ngwa Azungu, ine ndine mwana wa konkuno, ndingalipire bwanji munthu kuti andionetse phiri la kwathu? Abale, kubadwira ku Thyolo sikudziwitsa munthu njira ya ku Sapitwa, monganso kubadwira ku Likhubula sikuphunzitsa munthu kudulira tiyi. Safunsa adadya phula. Mukakhala anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu nimusonkherana, mtengo wa woperekeza mmodzi sulemera. Gulu likaposa khumi tengani awiri, wina patsogolo wina pambuyo, ndipo pasakhale munthu wopitirira wapatsogoloyo kapena wotsalira kumbuyo kwa wapambuyoyo.

Pamwamba pali nyumba khumi zogonamo apaulendo, zomwazikana m'phiri lonse: Chambe, kanyumba ka France kaja, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu, ndi ina ya mpingo wa CCAP yotchedwa Hope's Rest. Pa nyumba iliyonse pali mlonda amene asamala nkhuni ndi madzi. Chakudya mulibe, sitolo kulibe, zonse munyamula nokha. A bungwe la Mountain Club of Malawi, limene linayamba m'zaka za m'ma 1950, athandizana ndi Boma kusamala nyumbazi. Mlondayo mumpatse moni monga mwini mudzi, ndipo pochoka musamsiye chimanjamanja.

Tsono langizo limene achinyamata salikonda ndi ili: ulendo woyamba usakhale wa ku Sapitwa. Yambani ndi tsiku limodzi, kupita ku mathithi a Likhubula, pa Dziwe la Nkhalamba, ndi kubwerera; madzi ake ngozizira ndi akuya, wosadziwa kusambira asalowemo. Ulendo wachiwiri kwerani mpaka ku Chambe, maora atatu kapena anayi, kudzera njira ya Chapaluka yotsata mtsinje kapena ya Skyline, imene inatenga dzina ku chingwe chotsitsira matabwa chimene chinali pamenepo kale. Mukwera mamita ngati 1,000 tsiku limodzi, mugona usiku umodzi m'kuzizira kwa kumwamba, ndipo m'mawa mudziwa bwino ngati bulangete lanu likwana ndi ngati nsapato zanu zikuluma. Ofuna kulawa nsonga ayambe ndi yofatsa, monga Chilemba, imene ikweredwa kuchokera ku nyumba ya Lichenya. Nsonga ya Chambe yeniyeniyo, ya mamita 2,557, ioneka pafupi mukakhala pakhonde la nyumba, koma ili ndi malo oti munthu akaterereka sadzukanso. Chipupa chake cha kumadzulo, chija muchiona muli pamsewu wa ku Phalombe, nchotalika mamita ngati 1,700, ndipo chikweredwa ndi akatswiri okha a zingwe ndi zitsulo. Inu chiyang'aneni ndi maso.

Za katundu, musamvere amene anena kuti kukwera phiri kufuna zovala za m'sitolo zodula. Zambiri muli nazo kale, zina muzipeza pa kaunjika. Chachikulu nchakuti mukhale ndi zovala za mitundu iwiri: zoyendera, zimene zinyowa ndi thukuta, ndi zogonera, zimene muzikulunga m'pepala lapulasitiki ndipo simuzitulutsa kufikira mwalowa m'nyumba. Juzi yaubweya iposa malaya athonje, pakuti thonje likanyowa lizizira ndipo siliuma msanga. Buluku la jinzi ndiye loipa koposa. Malaya awiri kapena atatu opyapyala ovala pamodzi afunda kuposa chijasi chimodzi. Chipewa chofunda kumutu, masokosi awiriawiri, ndi ena ovala m'manja ngati mulibe magolovesi. Chodzitetezera ku mvula chisasowe. Pepala lija muvala pothyola tiyi ligwira ntchito, ngakhale thumba la feteleza lotsukidwa bwino ndi kubooledwa pamutu ndi m'manja. Amayi atenge zitenje zoposa chimodzi, koma pokwera miyala avale buluku m'kati. Nsapato zikhale zamphira kunsi, zogwira pamwala, ndipo zikhale zozolowera phazi lanu. Nsapato yatsopano ndi mdani paphiri. Mudzaona onyamula katundu ena ali kuthamanga ndi patapata, koma mapazi awo anaphunzira zaka zambiri, anu sanatero.

Kamba akhale wokwanira masiku a ulendo ndi tsiku lina limodzi lapadera, pakuti chiperoni chitha kukutsekerani m'nyumba. Ufa, nyemba zophikaphika kapena usipa, mchere, shuga ndi masamba a tiyi, amene inu a ku Thyolo simungawasowe. Za m'thumba zodya poyenda: mtedza wokazinga, mbatata yootcha, chinangwa chophika, zitumbuwa, nthochi. Idyani pang'onopang'ono tsiku lonse, musadikire njala. Botolo la madzi aliyense lake. Machesi akulungidwe m'pulasitiki, tochi ikhale ndi mabatire atsopano, ndipo wina atenge wenzulo, pakuti kulira kwake kupita patali m'nkhungu kuposa mawu a munthu. Foni tengani, koma musaikhulupirire. M'zigwa zambiri siigwira, ndipo batire itha msanga kukazizira.

Mukayenda maulendo amenewa nimuona kuti thupi livomera, pamenepo mutha kuganiza za Sapitwa. Patulani masiku atatu, kapena anayi kuti musathamange. Tsiku loyamba mugona ku Chambe, lachiwiri muyenda maora ngati atatu kufika ku Chisepo, nyumba imene ili m'tsinde mwa Sapitwa, pa mamita ngati 2,200. Tsiku lokwera mudzuke kusanache, muyambe kukangoyera. Kuchokera pa Chisepo patsala mamita 800 okha, koma atenga maora atatu kapena anayi kukwera ndi ena otero kutsika, chifukwa si kuyenda kwa masiku onse. Poyamba pali matanthwe osalala otsetsereka, pamene mukwawa ndi manja ndi miyendo. Kenaka mufika pa miyala ikuluikulu ngati nyumba, younjikana, ndipo njira ipita pansi pake, m'mipata yopanikiza imene munthu alowa chokwawa atavula chikwama, ndi m'tinkhalango ta mitengo yokhotakhota yodzala ndere. Kangapo mudzayesa kuti mwafika, koma nsonga yeniyeni ili patsogolo. Pamwamba pali chipilala chaching'ono, ndipo kukakhala kowala muona Chilwa, Zomba, Chiradzulu, mapiri a ku Mozambique, ndi minda ya tiyi ili biriwiri pansi panu.

Musananyamuke pa Chisepo panganani ora lobwerera, ndipo likhale lamulo. Ife tinena kuti dzuwa likafika pamutu, 12 koloko, tembenukani, kaya mwafika kaya simunafike. M'miyezi yozizira mdima ugwa isanakwane 6 koloko, ndipo kutsika matanthwe aja mumdima ndiko kufuna imfa. Nkhungu ikayamba kukwera m'zigwa, tembenukani. Mmodzi akatopa kapena kudwala, gulu lisamsiye yekha kuti adikire pamwala. Kubwerera pamene nsonga ili kuoneka kuwawa mtima, makamaka mutasonkha ndalama miyezi itatu ndipo anzanu akumudzi ali kudikira chithunzi. Apa akulu a gulu alimbe, pakuti achinyamata adzakakamiza. Nkhungu ikakupezani pamwamba ndipo zizindikiro za njira zasowa, musayendeyende kufuna njira. Khalani pamodzi pamalo obisika, valani zonse muli nazo, imbani wenzulo, dikirani kuti kuyere.

Pali chinanso chimene mudzamva m'thupi, ndicho kuchepa kwa mpweya. Pa mamita 3,000 munthu akakoka mpweya kamodzi alandira magawo 7 okha mwa magawo 10 a umene akadalandira m'mbali mwa nyanja yamchere. Chifukwa chake mupuma wefuwefu pa chitunda chimene kwanu mukadachikwera muli kuimba. Ena, akapitirira mamita 2,500, amva mutu, nseru ndi chizungulire, ndipo matendawa sasankha wamphamvu kapena wofooka. Pa Mulanje sakula kwenikweni, pakuti mugona m'munsi ndipo pamwamba mukhala kanthawi kochepa. Mankhwala ake ndi kuyenda pang'onopang'ono, kumwa madzi, ndipo mutu ukakula, kutsika. Kumapiri aatali koposa, monga Kilimanjaro wa ku Tanzania wa mamita 5,895, matenda omwewa apha anthu, ndipo okwera atha masiku asanu kapena kuposa kuti thupi lizolowere. Wa kwathu wolota za Kilimanjaro ayambe waphunzira pa Mulanje.

Tinenepo za onyamula katundu, pakuti ena a inu mudzawalemba, ndipo ena muli ndi abale ogwira ntchitoyi. Chaka ndi chaka m'mwezi wa Julayi pachitika mpikisano wa liwiro wotchedwa Porters' Race, woyambira pa Likhubula kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya ndi kutsikanso, makilomita oposa 20. Ulendo umene inu mudzauyenda masiku awiri, opambana autha m'maora awiri ndi mphindi zowerengeka, ndipo amayi nawonso athamanga. Anthu otere ngoyenera ulemu. Kumbukani kuti pamene phiri lalitali koposa onse padziko, la Everest, linakweredwa koyamba pa 29 Meyi 1953, mmodzi wa awiri amene anafika pamwamba, Tenzing Norgay, anayamba ntchito ya m'mapiri monga wonyamula katundu wa ena. Tsono mukalemba munthu, panganani mtengo musananyamuke, musamsenzetse katundu woposa makilogalamu 18 kapena 20, ndipo onani kuti ali ndi chofunda ndi chakudya. Iyenso amva kuzizira monga inu.

Poyenda mudzaona zitsa zambiri zotuwa, zina zazikulu zoti anthu atatu sangazikumbatire. Imeneyo inali mikungudza, mtengo wonunkhira umene chiswe sichiudya, umene sumera wokha kwina kulikonse padziko koma pa Mulanje. Unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, koma macheka ndi moto zinaumaliza, kotero kuti pamene anawerenga mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. A Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala ali kubzala mbande zambirimbiri, ndipo timitengo timeneto mudzationa m'mbali mwa njira. Inu a ku Thyolo mudziwa chimene chichitika phiri likavulidwa, pakuti munaona nkhalango ya phiri lanu ikutha ndi akasupe akuphwa. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linalemba Mulanje m'kaundula wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe okhala mozungulira. Choncho moto usonkhedwe pa nyumba zogona pokha, wosuta azime ndudu yake pamwala, ndipo mapepala ndi mabotolo amene munakwera nawo mutsike nawo. Wina akakutsatsani thabwa la mkungudza panjira, kanani.

Potsika chenjerani koposa pokwera. Ngozi zambiri zichitika pamenepa, miyendo itatopa, mtima uli kale kunyumba. Dulani mapazi aafupi, gwirani ndodo, ndipo pa thanthwe lotsetsereka musachite manyazi kukhala pansi ndi kutsika chokhwekhwereza. Maondo ndi ntchafu zidzawawa masiku awiri kapena atatu, tsono amene muli pantchito ku esiteti pemphani tchuthi chokwanira, kuti kapitawo asakuoneni muli kutsimphina m'mizere Lolemba m'mawa. Mukafika pa Likhubula pitaninso ku ofesi kuja mukanene kuti mwatsika nonse, awerenge maina, asatumize anthu kukafuna munthu amene ali kale pa minibasi ya ku Luchenza.